Kompyuta ya mphatso: tifunse tisanaombe m'manja

Alimi anzathu ndi akhristu a m'maparishi, tonse tidziwa ubwino wa njinga. Cubu ikaphulika tigula ina ku Chipata kapena ku Katete ndipo ilowa bwino, cifukwa opanga njinga atsata miyeso yofanana. Pa makompyuta zinthu siziri conco nthawi zonse.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene iyendetsa mapulogalamu ena onse, monga Windows kapena Linux. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inatseka thandizo la nthawi zonse la Windows 10. Windows 11 imene inalowa m'malo mwake ifuna makina okhala ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Makompyuta ambiri akale alibe kacipangizo kameneka, ndipo kawirikawiri akale otere ndiwo abwera ngati mphatso ku maparishi ndi ku makopaletivu.

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kompyutayo idzayaka ndithu, koma mipata yolowera mavairasi sidzatsekedwanso, ndipo m'kupita kwa nthawi mapulogalamu atsopano adzaikana. M'menemo ndimo tifuna kusunga maina a obatizidwa, a maukwati, a olandira feteleza ndi ngongole za mamembala. Zikatayika, mlembi adzayankha ciani kwa mayi wofuna kalata ya ubatizo ya mwana wake?

Sitinena kuti tikane mphatso ai. Tinena kuti komiti ifunse mwaulemu: kodi muli pulogalamu yanji, ndipo adzaisamalira ndani?

Makina akale angathe kugwirabe nchito ndi Linux, imene ili yaulere. Mtundu wake wina, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Koma tiyambe tayesa, pakuti mapulogalamu ena opangidwira Windows ndi maprinta ena sagwirizana nayo.

Cacikulu ndi kasungidwe ka makalata. Tisunge zolemba zathu m'njira ya ODF, imene bungwe loona za miyeso la ISO linavomereza mu 2006. Kalata yotere itseguka ndi LibreOffice yaulere, pa Windows ngakhale pa Linux, ndiponso ndi Microsoft Word. Motero kompyuta ikafa, tingosamutsa zolembazo.

Pomaliza, buku la kaundula lolemba ndi manja lisatayidwe. Makina abwera ndi kupita, koma maina a anthu athu ayenera kukhalapo.