Njoka Siilira, Ndiye Mwati Siivutika?

Ogulitsa njoka zoweta ali ndi mawu amene amawakonda kwambiri: ati njoka ndi chiweto chosavuta. Ati siiuwa, siifuna kuyenda nayo, imadya kamodzi pa mlungu, ndipo imakwana m'kabokosi pansi pa bedi. Mawu amenewa mudzawamva m'masitolo a ziweto ku London, pa zionetsero za zokwawa ku South Africa ndiponso pa Facebook. Ine ndimaweta njoka, ndipo ndikunena mosapsatira kuti limeneli ndi bodza lopha. Galu akamva ludzu amalira, mbuzi ikadwala imaoneka. Njoka imangoti zii m'ngodya mpaka kufa, ndiye mwini wake amaganiza kuti zonse zili bwino. Chete wa njokayo ndiye wasanduka malonda.

Nditenge chitsanzo cha nsato ina imene yatchuka pakati pa oweta, imene m'Chingerezi amaitcha blood python chifukwa cha kufiira kwake, ndipo asayansi amati Python brongersmai. Kwawo ndi ku Sumatra, ku Malaysia ndi ku Thailand, m'madambo ndi m'malo achinyontho. Ndi msuweni wa nsato yathu ya kuno, koma ndi yaifupi ndi yojintcha: yaikulu imafika mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zina zimalemera kupitirira makilogalamu 10. Ilibe ululu. Imabisala m'masamba ndi m'matope n'kumadikira khoswe kuti adutse. Ikangoswa kumene imakhala ya masentimita 30 kapena kuposa pang'ono, yokwana m'manja, ndipo kukongola kwake kumakopa. Apa ndi pamene wogula amagwera m'mbuna. Akuona kanthu ka m'manja, osadziwa kuti akusenza mtolo wa zaka 20 kapena kuposa.

Tiyeni tione chimene kamwana kameneka kamafuna, kenaka mundiuze ngati n'kosavuta. Njoka siidzipangira kutentha m'thupi monga ife. Imadalira malo amene ili. Nsato yofiirayi imafuna malo a madigiri 26 mpaka 28, ndipo mbali yofundirapo isapitirire 30 kapena 31. Ambiri amaganiza kuti poti imachokera kotentha, ndiye aiotche. Ayi ndithu. Kwawo imakhala pansi, pamthunzi, m'chinyezi. Mukaiwotcha imakhala yolusa, imakana chakudya, nthawi zina imasanza chimene yadya. Mukaizizira imagwidwa ndi matenda a m'chifuwa: mumamva kaliwu popuma, mumaona thovu kukamwa, ndipo ikafika pamenepo ndiye kuti matenda apita kale patali. N'chifukwa chake chotenthetsera chilichonse chiyenera kulumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kozimitsa moto ukafika pa mlingo. Wogulitsa amene amakupatsani njoka ndi chotenthetsera osatchula thermostat wakugulitsani chiwaya. Ndipo inu a ku Johannesburg, kumene usiku wa mu June kumazizira mpaka chisanu, funso loyamba n'lakuti: magetsi akazima maola anayi, mudzatani?

Chinyezi nacho chili ndi malire ake. Mpweya wa m'bokosi uyenera kukhala ndi chinyezi cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti. Kukauma, njoka imalephera kufundula bwino, khungu lakale limatsalira m'maso ndi kumchira. Koma pansi pakakhala chinyontho nthawi zonse, mamba a kumimba amayamba zilonda n'kuwola. Pafunika mpweya wachinyezi wodutsa bwino, pogona pouma, ndi mbale yamadzi aukhondo imene njoka ingalowemo thupi lonse. Nsato imeneyi imamwa madzi ambiri ndipo ikakodza imanyowetsa ponseponse, choncho kusintha zoyala ndi ntchito yosatha. Ili ndi khalidwe linanso lodabwitsa: imatha miyezi osachita chimbudzi, ngakhale ikudya. Amene sanauzidwe zimenezi amachita mantha n'kuyamba kuifinya mimba kapena kuimwetsa zinthu, n'kuivulaza njoka yomwe inalibe vuto.

Pa chakudya ndi pamene ndimakangana kwambiri ndi anzanga oweta. Kamwana kamadya khoswe wamng'ono mmodzi pa masiku 7 mpaka 10, ndipo ikakula pamatha milungu iwiri kapena inayi. Khosweyo akhale wophedwa kale, wosungidwa m'firiji, wosungunulidwa bwino, chifukwa khoswe wamoyo amaluma ndipo atha kuichotsa diso. Ikadya muisiye masiku awiri osaigwira. Koma pali oweta amene amaithira makoswe motsatizana kuti ikule msanga, iyambe kuikira mazira, iwo ayambe kugulitsa ana. Ena amangofuna chithunzi cha njoka yonenepa ngati mtondo. Nsato imeneyi ndi yojintcha mwachibadwa, ndiye kunenepa koipa kumabisala, pamene mafuta akuunjikana m'kati ndi kufupikitsa moyo wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano za kabokosi kaja. Oweta aakulu amati kamwana ka nsato yofiira kamakhala bwino m'kabokosi kakang'ono ka pulasitiki, kamdima, kokhala ndi pobisala. Pamenepa akunena zoona ndipo sindiwatsutsa. Kamwana kamakhala ndi mantha. Kukaikidwa m'galasi lalikulu lowala kamaona ngati kali pa mtetete pamene mphamba angakatole, ndiye kamasiya kudya n'kumaluma chilichonse. Chimene ndikukana n'chakuti chowonadi cha miyezi yoyamba achisandutsa chilolezo cha moyo wonse. Mudzapeza nsato ya zaka khumi ili m'dilowa, pakati pa madilowa ena makumi, yosatha ngakhale kudziwongola thupi lonse. Mukafunsa amati: ikudya, ikuswana, ndiye ili bwino. Nkhuku ya m'kakhola kothina nayonso imaikira mazira. Kuswana kumangosonyeza kuti chamoyo sichinafe. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nsato ikamakula malo ake akule nayo, mpaka ithe kutambasuka, kusankha pofunda kapena pozizirirapo, ndi kudzikwirira m'masamba monga imachitira kwawo.

Pali funso lina limene wogula aliyense ayenera kufunsa, ndipo ogulitsa ena amalizemba: kanjokaka kachokera kuti? Nsato yofiira imagwidwa kwambiri ku Indonesia chifukwa cha chikopa chake, chimene amapangira zikwama, malamba ndi nsapato. Zikopa zake zimatuluka m'dzikolo masauzande ambiri chaka chilichonse, motsata pangano la CITES limene linayamba kugwira ntchito mu 1975 ndipo limafuna zilolezo pa malonda a nsato. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Richard Shine wa ku Australia ndi anzake anaunika nsato zimene zinkabwera kophera kumpoto kwa Sumatra, ndipo anapeza kuti zambiri zinkachokera m'minda ya kanjedza wa mafuta, kumene zimadya makoswe. Malonda a njoka zamoyo anamera m'mbali mwa malonda a zikopawo. Nsato yogwidwa m'tchire imafika kwa wogula itatopa, itauma, ili ndi njoka zam'mimba ndi nkhupakupa, ndipo imaluma chifukwa cha mantha. Umu ndi mmene mtundu wonse unatengera mbiri yakuti ndi wolusa. Zoswedwa m'manja mwa oweta, zogwiridwa modekha, thupi lonse litachirikizidwa ndi manja awiri osalendewera, zambiri zimafatsa zikamakula. Choncho funsani tsiku limene kanaswa, makolo ake, ndi kangati kadya kokha. Amene sangayankhe mafunso atatu amenewa musamupatse ndalama zanu.

Wina anena kuti mlimi wa ku Sumatra amene amagwira nsato m'munda amadyetsa ana ake ndi ndalama imeneyo. N'zoona, ndipo mkwiyo wanga sukupita kwa iye. Ukupita kwa wamalonda wa mumzinda amene amadziwa zonse ndalembazi koma amazibisa, chifukwa akanena zoona theka la ogula libwerera pakhomo.

Winanso, makamaka kwathu kuno kumene woweta njoka amamuyang'ana ndi diso la ufiti, anena kuti: bwanji osangozisiya m'tchire? Funso limeneli ndimalilemekeza kuposa mawu a ogulitsa aja. Munthu amene safuna njoka m'nyumba mwake sanalakwire njoka iliyonse. Koma nsato zoswedwa m'manja mwa anthu zilipo kale zambirimbiri, ndipo sizingabwezedwe ku Sumatra. Kuzitaya m'tchire la kwina ndi nkhanza kwa njokayo ndiponso ngozi kwa zamoyo za kumeneko. A ku Florida akulimbanabe ndi nsato za ku Burma zimene zinadzaza madambo a Everglades kuchokera m'malonda a ziweto. Zimene zili m'manja mwathu tiyenera kuzisamala mpaka imfa yake, ndipo zatsopano zipite kwa okhawo amene akonzeka.

Kukonzeka kwake n'kodziwika. Bokosi likonzedwe ndi kuyesedwa kutentha kwa mlungu wathunthu njoka isanafike. Mudziwe kumene mudzagula makoswe chaka chonse, ndiponso ngati a m'nyumba mwanu avomera kuti makoswewo agone m'firiji. Mudziwe dokotala wa ziweto amene amatha kuona zokwawa, chifukwa si onse. Muzisamba m'manja mukaigwira, poti zokwawa zimanyamula tizilombo ta salmonella, ndipo makanda asayandikire. Mufufuze malamulo: ku South Africa zilolezo zimasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limati mwini chiweto ali ndi udindo wochipatsa malo ndi chakudya choyenera, njoka kuphatikizapo. Pomaliza mudzifunse amene adzaisamale mukasamuka, mukakwatira, kapena ntchito ikatha.

Ngati pa zonsezi pali chimodzi chimene mulibe yankho lake, musagule. Kaoneni njoka kumalo osungirako zinyama, mujambule chithunzi, mubwerere kwanu mtima uli m'malo. Ndipo inu ogulitsa, lekani kunena kuti ndi chiweto chosavuta. Muziuza wogula za thermostat, za makoswe a m'firiji ndi za zaka 20 zija asanatulutse ndalama m'thumba, ngakhale atabwerera osagula.