Ku Mongu si mcenga cabe

Ife a mu komboni timakonda kuseka kuti ku Mongu kuli mcenga cabe. Umenewo ndi umbuli. Mcenga wa Kalahari ndiwo umameretsa mukusi, ndipo umamwa mvula n'kuisunga kuti mitsinje isaphwe m'cilimwe.

Mu 2011 Zambia, Angola, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe anasaina pangano la KAZA, kuti njovu ziziyenda momasuka pakati pa mapaki monga Chobe, Sioma Ngwezi ndi Kafue. Nanga zidzadutsa pati ngati nkhalango zapakati zikuthera pa malole? Mukusi umakula pang'onopang'ono. Ukadulidwa, moto n'kupsereza timitengo totsala, nkhalangoyo sibwerera msanga.

Anzanga, pogula matabwa ku Buseko, funsani kumene acokera. Aphungu athunso atiuze: ziphaso zodulira mitengo akupatsa ndani?