Greenland: chilumba chomwe chautsa mapiri pachigwa

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kudera lozizira kwambiri lotchedwa Arctic, kuli chilumba cha Greenland. Kukula kwake n'kuphatikiza maiko 18 ofanana ndi Malawi, koma kumakhala anthu pafupifupi 57,000 okha. Magawo 80 pa 100 aliwonse a chilumbachi ndi okutidwa ndi madzi oundana chaka chonse. Kwa nthawi yaitali dzina lake silinkamveka, koma lero lili m'kamwam'kamwa kamba koti maiko amphamvu akulilira malovu.

Chatsitsa dzaye n'kusintha kwa nyengo. Akatswiri adapeza kuti kuchokera m'chaka cha 1979, dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Madzi oundana akamasungunuka, panyanja pamatseguka njira za sitima zofupikitsa ulendo wa pakati pa Asia ndi Ulaya, ndipo chuma cha pansi pa nthaka chimayamba kufikirika. Greenland ili ndi miyala ya rare earths, ya mtundu womwe ukupezekanso ku Kangankunde m'boma la Balaka, yomwe imafunika popanga mafoni, galimoto zoyendera magetsi komanso zida zankhondo.

Palinso nkhani ya chitetezo. Njira yachidule yomwe mzinga wochokera ku Russia ungadzere popita ku America ndi ya pamwamba pa Arctic. N'chifukwa chake dziko la America lili ndi malo a asilikali ku Pituffik, kumpoto kwa chilumbachi, potsatira pangano lomwe lidasainirana ndi Denmark mu 1951. Nalo dziko la Russia lidazika mbendera yake pansi pa nyanja ku North Pole mu 2007, pomwe China idalengeza mu 2018 kuti ndi dziko loyandikana ndi Arctic ngakhale ili kutali.

Bungwe la Arctic Council, lomwe maiko asanu ndi atatu a m'derali adakhazikitsa mu 1996 kuti azikambirana, lidafooka mu 2022 pomwe maiko asanu ndi awiri adaimitsa mgwirizano ndi Russia kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine.

Dziko la America silidayambe lero kusirira Greenland. Mu 1946 boma la Harry Truman lidafuna kugula chilumbachi pa mtengo wa madola 100 miliyoni koma Denmark idakana. Donald Trump adaiutsanso nkhaniyi mu 2019, ndipo nduna yaikulu ya Denmark, Mette Frederiksen, atati maganizowo ndi opanda mutu, Trump adalepheretsa ulendo wake wa ku Copenhagen. Atabwerera pampando mu 2025, iye adanenetsa kuti America ikufunika chilumbachi pa chitetezo chake. Izi zidadzidzimutsa ambiri poti maiko awiriwa ndi abwenzi m'bungwe lankhondo la NATO.

Koma chilumbachi chili ndi eni ake, ambiri mwa iwo a mtundu wa Inuit. Denmark idayamba kuchilamulira mu 1721, ndipo mu 1979 idalola kuti anthuwa akhale ndi nyumba yawo ya malamulo ku Nuuk. Lamulo la mu 2009 lidawapatsa mphamvu pa migodi yawo komanso ufulu wochoka pansi pa Denmark ngati atavomereza pa riferendamu.

Anthuwa akudziwa kuwawa kopangiridwa chiganizo ndi ena. Mu 1953 mabanja omwe ankakhala pafupi ndi Pituffik adasamutsidwa mokakamiza kupita ku Qaanaaq pofuna kukuza malo a asilikali aja, ndipo boma la Denmark lidapepesa mu 1999, patatha zaka 46. Pa kafukufuku wa mu Januwale 2025, anthu 85 pa 100 aliwonse adati sakufuna kukhala mbali ya America. Mu 2021 nyumba ya malamulo idaletsa migodi ya uranium, zomwe zidaimitsa ntchito yokumba miyala ku Kvanefjeld, kufupi ndi komwe alimi amaweta nkhosa.

Vuto lagona m'thumba. Chuma cha Greenland chimadalira nsomba, ndipo chaka chilichonse Denmark imapereka thandizo loposa makrona 4 biliyoni, lomwe ndi pafupifupi theka la ndalama zoyendetsera boma. Ambiri amafuna ufulu wodzilamulira, koma amaopa kuti thandizolo likatha sukulu ndi zipatala zivutika. Migodi ikhoza kutseka mpatawo, komabe imafuna ndalama zochokera kumaiko omwewo omwe akulimbirana chilumbachi.

Apa ndiye pagona nkhani yomwe maiko ang'onoang'ono kulikonse akuyenera kuitsata. Malamulo a United Nations amati malire a dziko sasinthidwa ndi mphamvu kapena ziopsezo. Ngati mawu a anthu 57,000 angaponderezedwe chifukwa nthaka yawo ili ndi miyala komanso ili pamalo ofunika pankhondo, ndiye kuti palibe dziko lofooka lokhala ndi chuma pansi lomwe lingagone tulo.