Mnofu si Nyama: Tisamasulire Liwu ndi Liwu

Aphunzitsi anzathu, pali chizolowezi chimene tiyenera kuchileka: kuganiza kuti liwu lililonse la Chipwitikizi kapena la Chingerezi lili ndi mnzake mmodzi yekha m'Chinyanja. Titenge chitsanzo cha thupi la munthu.

Chingerezi chili ndi mawu awiri: "flesh", kunena mbali yofewa ya thupi, ndi "meat", kunena ndiwo. Chipwitikizi chimaphatikiza zonsezi m'liwu limodzi, "carne". Chinyanja chimagawa mwina: "nyama" ndi ndiwo komanso chamoyo cha m'tchire, pamene "mnofu" ndi mbali yofewa yokuta mafupa. Mphunzitsi wa sayansi akamasulira "carne" mosaganizira n'kunena kuti "nyama ya munthu", ana a ku Ngauma kapena ku Mandimba samvamo sayansi. Amamva nkhani za ufiti, ndipo phunziro limafera pomwepo. Liwu loyenera ndi "mnofu" kapena "minofu".

Zining'a ndizo zimavuta koposa. Mngerezi akati "flesh and blood" amatanthauza m'bale wake weniweni. Mpwitikizi akati "em carne e osso" amanena kuti munthu wafika iye mwini, pamaso ndi pamaso. Ife timati "magazi amodzi", ndipo makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Taonani: pamene Mngerezi aika ubale mu mnofu, ife timauika m'fupa, chifukwa mnofu umavunda koma fupa limakhalitsa. Mwana amene wazindikira kusiyana kotere waphunzira zilankhulo ziwiri nthawi imodzi.

Ena amati kuchita zimenezi n'kutaya nthawi, popeza mayeso ambiri amalembedwa m'Chipwitikizi. Ife tikuti ayi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa m'dziko muno kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, ndipo anakhazikitsidwa m'sukulu mu 2003, cholinga chake chili chakuti mwana amvetse kaye, kenako awolokere ku Chipwitikizi ali ndi tanthauzo m'mutu. Woloweza "carne" osadziwa ngati ndi ndiwo kapena thupi lake, sanawoloke.

Choncho pokonzekera phunziro, lembani liwu lachilendo m'ziganizo zitatu zosiyana, ndipo funsani ana mmene angazinenere kwawo. M'kalasi momwe muli ana olankhula Chiyao, kapena Chimakuwa monga ku Cuamba, afunseni nawonso. Mawu awo akhale poyambira phunziro lanu.