Osafufuta: malangizo kwa anzanga olemba mapulogalamu

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yopanga pulogalamu ya pa foni ya amayi ogula usipa ku Chia, m'mbali mwa msewu wa M5 ku Nkhotakota. Iyenera kusunga zidebe zimene agula, ndalama zimene alipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi ngongole yotsala kwa msodzi. Zonse zimene pulogalamu ikukumbukira panthawi imeneyo ndi zomwe timazitcha state. Maganizo anga ndi akuti state yotere isamasinthidwe pomwe ili. Pakachitika china chatsopano, pangani kope latsopano, lakale likhale momwemo.

Msungichuma wa banki m'khonde wodziwa ntchito yake amachita zomwezi. Membala akabweza ngongole, iye safufuta nambala yakale koma amalemba mzere wina pansi pake. Mkangano ukabuka, kaundula amasonyeza mmene ndalama zayendera kuyambira pachiyambi.

Chifukwa choyamba chili mu React momwemo, imene Facebook idatulutsa poyera mu 2013. React imadziwa kuti zinthu zasintha poyerekeza ngati object yomwe yalandira ndi yomweyo kapena ina. Mukagwiritsa ntchito push kuwonjezera chidebe pa array yakale, React imaona array yomwe ija, ndipo pa sikirini pangakhalebe nambala yakale. Mayi uja awerenga zidebe 4 pamene wagula 5. Mukapanga array yatsopano pogwiritsa ntchito spread, map kapena filter, vutoli silibwera.

Chachiwiri ndi netiweki. Kugombe imabwera n'kupita. Pulogalamu yabwino imasonyeza msanga kuti malipiro alembedwa, kenako n'kuwatumiza ku seva. Nanga seva ikakana? Ngati kope lakale lilipo, mumangobwerera pomwe munali. Ngati mudalemba pamwamba pake, muyamba kulota kuti ngongole inali zingati, ndipo ndalama za munthu sizilotedwa.

Chachitatu ndi kusaka zolakwika. Redux, yomwe Dan Abramov ndi Andrew Clark adapanga mu 2015, imafuna kuti kusintha kulikonse kudutse mu reducer imene imabweza state yatsopano. Ndi Redux DevTools mutha kubwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe mpaka kupeza pomwe nambala idasokonekera.

Ena amati kukopera zinthu kumadya memory, makamaka pa mafoni otchipa a itel ndi Tecno amene ali m'manja mwa anthu ambiri. Nkhawayo ndi yomveka, koma kope latsopano silikopera zonse. Mbali zomwe sizinasinthe zimagawanidwa pakati pa kope lakale ndi latsopano. Enanso amadandaula kuti spread imatopetsa pamene ma object alowana kwambiri. N'zoona, n'chifukwa chake pali Immer ya Michel Weststrate, yomwe ilinso mkati mwa Redux Toolkit. Mumalemba ngati mukusintha pomwepo, iyo n'kukupangirani kope latsopano.

Sindikunena kuti pulojekiti iliyonse ya kusukulu ikufunika Redux. Tsamba laling'ono limayenda bwinobwino ndi useState yokha. Koma lamulo ndi lomwelo, ndipo ndi bwino kulizolowera mudakali pa sukulu, musanagwire pulogalamu yomwe kulakwitsa kwake kungayambanitse msodzi ndi kasitomala wake chifukwa cha chidebe chimodzi cha usipa.