Mpikisano wa Zojambula

Ku Lifupa, m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, kuli damu lokhalamo mvuu. Njovu nazo zimadza kudzamwa madzi pomwepo. Ana a sukulu akakaona zimenezi amabwerako ndi chilakolako chojambula, ndipo n'kwabwino kuwachititsa mpikisano.

Nanga wopambana asankhidwe bwanji? Ena amati makolo asankhe pokweza manja. Njira imeneyi si yachilungamo. Chibale ndi fupa, sichiola: agogo sangakwezere dzanja mwana wa eni, mdzukulu wao ali kuwayang'ana. Tsono taganizani za mwana amene makolo ake adachokera ku Mulanje kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Abale ake ali kutali. Ngakhale ajambule njovu yooneka ngati ikupuma, manja adzamuchepera, ndipo mwina sadzajambulanso.

Makolo asaletsedwe kusankha, pakuti tsikulo ndi laonso. Koma maina a ana abisidwe. Pansi pa chithunzi chilichonse paikidwe chitini choboola pamwamba. Munthu aliyense alowe m'kalasi payekha, aponye njere imodzi ya chimanga m'chitini cha chithunzi chimene chamukondweretsa. Pomaliza aphunzitsi awerenge njerezo anthu onse akuona.