ZA KUMUNDA: Chomera Choyanga Chopanda Masamba

Alimi anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, sabata ino tikambe za chomera chachilendo chotchedwa dragon fruit, chimene anthu ena ayamba kubzala m'dziko muno. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, koma lero amachilima kwambiri ku Vietnam.

Mungachizindikire bwanji? Chilibe masamba. Tsinde lake ndi lobiriwira, lowonda, la ngodya zitatu, ndipo m'mphepete mwake muli timinga tatifupi. Sichitha kuima chokha. Chimayanga pansi, kapena kukwera mtengo pogwira ndi timizu totuluka patsinde. Madzi chimasunga m'tsinde momwemo, ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku kunja kukazizira. Nchifukwa chake chimapirira chilala.

Duwa lake ndi loyera, lonunkhira, lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Limamasula usiku umodzi wokha, kukacha lafota. Pakapita masiku 30 kapena 35, chipatso chapsa. Khungu lake ndi lofiira, mkati ndi moyera ndipo muli tinjere takuda todyedwa.

Musachisokoneze ndi nkhadze. Nkhadze mukaithyola imatuluka utomoni wonga mkaka umene umawononga maso, koma chomera ichi chilibe utomoni wotere. Phunzitsani ana anu kusiyana kwake.

Pobzala, dulani nthambi yotalika phazi limodzi, muisiye pamthunzi masiku 5 kuti bala liume, ndipo muibzale patsinde pa mzati wolimba. Mukasamala bwino mudzadya zipatso patatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kuno kuchigwa adani ake ndi awiri. Woyamba ndi madzi odikha, amene amaoletsa mizu. Inu amene munaona madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 mukudziwa pamene madzi amafika. Bzalani kumtunda, pamtumbira. Wachiwiri ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, limene limawaula tsinde. Kamthunzi pang'ono kamathandiza.

Nthambi zotsala musataye kutchire, pakuti zimaphuka paliponse. Ku South Africa chomerachi chinafalikira m'tchire mpaka Boma linachiika m'gulu la zomera zowononga.

Musachotse mapira kapena thonje lanu chifukwa cha chipatso chatsopanochi. Yambani ndi mizati iwiri kapena itatu pafupi ndi nyumba, mutchinge mpanda chifukwa cha mbuzi, ndipo mufunse Mlangizi wa kwanu za mbewu yabwino.